SSD yotchipa: A400, BX500, EVO yakaunjika kapena NVMe, ndalama ipite pati?

Laputopu ikayamba kuchedwa kuyaka ambiri amathamangira kunena kuti yalowa vayirasi kapena RAM yachepa, koma nthawi zambiri wolakwa amakhala hadi disiki basi. Tsegulani Task Manager muone pa Disk paja, mukapeza pali 100% pomwe inu simukupanga chilichonse ndekuti ndi imeneyo. Hadi disiki ya laputopu, yozungulira ka 5400 pa mphindi ija, ikalimbikira imawerenga cha m'ma 100MB pa sekondi, ndipo apo nkuti ikuwerenga fayilo imodzi yaikulu, ikafika pa timafayilo ting'onoting'ono ta Windows kamkono kake kamachita kuyendayenda kufunafuna nde sipidi imagweratu pansi. SSD, chosungira mafayilo cholowa m'malo mwa hadi disiki, ilibe chozungulira, ndi machipu okhaokha, nchifukwa chake olo yotchipitsitsa bola ikhale yeniyeni imasinthiratu makina akale.

Nde maganizo anga ndi awa ndineneretu, kusiyana kwa hadi disiki ndi SSD yotchipa nkwakukulu zedi koma kusiyana kwa SSD yotchipa ndi yodula pa ntchito za Word, Chrome ndi mafilimu nkochepa moti ambiri simungakuone. Ndalama yanu ipite pa zinthu zitatu, ikwane m'makina anuwo, ikhale ndi malo okwanira, isakhale feki. Manambala akuluakulu olembedwa pa bokosi aja abwere pambuyo.

Musanapite kushopu tsegulani kaye pansi pa makinawo muone, kapena sakani dzina lake lonse pa intaneti, chifukwa apa mpomwe anthu amataya ndalama. Malaputopu ambiri a ex-UK omwe tili nawo kuno, ma Dell Latitude E6420 ndi E6430, ma ThinkPad T420 ndi T430, ma HP a nthawi ya i5 ya 2nd mpaka 4th gen, komanso madesikitopu ngati OptiPlex 7010 ndi 3020, amafuna SSD ya SATA (kalumikizidwe komwe hadi disiki imagwiritsanso ntchito) ya 2.5 inchi, yooneka ngati kabokosi kopyapyala yolowa pomwe panali hadi disiki pomwepo. SATA III imathera pa 6Gb/s zomwe pogwiritsa ntchito zimakhala cha m'ma 550 mpaka 560MB pa sekondi, palibe SSD ya SATA ingapitirire apo kaya ndi ya Samsung kaya ya ndani. Ngati makinawo ndi a Core 2 Duo ambiri ndi a SATA II, muzipeza pafupifupi theka la sipidi imeneyo, komabe ikani, mudzaona kusintha.

Kenako pali M.2, kandodo kopyapyala kaja, saizi yofala ndi 2280 kutanthauza 22mm mulifupi 80mm mulitali, ziliponso zazifupi za 2242 ndi 2230. Chosokoneza nchoti M.2 ndi maonekedwe chabe, mkati ikhoza kukhala ya SATA kapena ya NVMe (mtundu watsopano wothamanga kuposa SATA) ndipo siloti ina imalandira imodzi yokha. Ya SATA kawirikawiri imakhala ndi mipata iwiri kumano kwake, ya NVMe mpata umodzi, koma musadalire maso okha chifukwa ikhoza kulowa bwinobwino makina osaiona. ProBook 450 G3 siloti yake ndi ya SATA yokha, mukaikamo NVMe ndalama yapita, pomwe EliteBook 840 G3 imalandira zonse ziwiri ndipo ili ndi malo a 2.5 inchi pambali. OptiPlex 7040 ndi 7050 zazing'ono zija zili ndi M.2 ya NVMe. Palinso mSATA, yakale, yofupika yonenepa, ili mu Latitude E7240 komanso ma ThinkPad X220, X230, T420, T430 ali nayo pa siloti ya modemu koma pamenepo imayenda pa SATA II. Ogulitsa ena amaitchula M.2 nayonso, si imodzi ayi, sizilowana.

Tiyambe ndi za SATA poti ambirife ndi kumene tili. Yomwe mungaipeze paliponse ndi Kingston A400, inatuluka 2017 mpaka pano ikugulitsidwabe. Amalemba 500MB pa sekondi powerenga, polemba 350 pa ya 240GB ndi 450 pa ya 480GB, waranti zaka 3. Mnzake wopikisana naye ndi Crucial BX500, 540 powerenga, waranti zaka 3 nayonso. WD Green, ADATA SU650, Lexar NS100, za Hikvision ndi Patriot zonsezi ndi gulu limodzi, ndipo chomwe chimazitchipitsa nchoti zilibe DRAM. DRAM ndi kamemori kapadera komwe SSD imasungamo mapu osonyeza kuti deta iliyonse ili pati, ikasowa imeneyo mapuwo imakawerenga m'machipu omwewo osungira mafayilo, nde ikapanikizika, mwachitsanzo Windows ikupanga update uku mukukopera mafilimu uku antivayirasi ikusaka, mumamva kompyuta ikuima kaye pang'ono kenako nkupitiriza. Kwa mwana wasukulu wolemba asainimenti, kapena pa ofesi ya Excel ndi maimelo, zimenezi sizisowetsa tulo.

Pakati pa A400 ndi BX500 ine ndimatenga yomwe yatchipa tsiku limenelo kwa wogulitsa amene ndikumukhulupirira, zoona. Koma pali kanthu kamodzi, ya 480GB ya A400 anailembera 160TBW pomwe BX500 ya 480GB ndi 120TBW, pa 240GB zonse ndi 80. TBW ndi kuchuluka kwa deta yomwe kampani ikulonjeza kuti mutha kulembapo waranti isanathe. Anthu amaopa nambala imeneyi mwachabe, tiyeni tiwerengere, 80TB mukamalemba 20GB tsiku lililonse osapumira ndi masiku 4,000, zaka pafupifupi 11, laputopu ya 2012 ija idzakhala itafa kalekale mahinji atathyoka SSD ikadali moyo. SSD yotchipa ikamafa msanga kawirikawiri sikuti machipu atha kulembedwa, chimafa ndi controller (kachipu koyendetsa SSD yonse) kapena firmware (kapulogalamu ka mkati mwake) yasokonekera, mmawa mwayatsa BIOS osaionanso, ndipo imafa osatsanzika, siyamba kulira kaye ngati hadi disiki. Nde kaya mwagula iti zithunzi zaukwati ndi dizeteshoni zikhale ndi kope kwina.

Chomwe ndimayang'ana kwambiri kuposa TBW ndi mtundu wa machipu, TLC kapena QLC. TLC imasunga mabiti 3 mu selo imodzi, QLC mabiti 4, nde QLC imatchipa kupanga koma imalemba pang'onopang'ono ndipo imatha msanga. Pofuna kubisa kuchedwako makampani amapatula gawo lina la SSD kuti lizilemba biti imodzi yokha mwachangu, amati SLC cache. Zili ngati kuchigayo, chimanga mumakhuthula mwachangu pamwamba paja koma pakadzaza mumayima ndi thumba lanu kudikira chigayo chigaye pa liwiro lake. Mukamakopera foda ya 60GB ya masiriizi muona poyamba ikuthamanga 400MB pa sekondi ndi kuposa kenako mwadzidzidzi yagwa, pa QLC yotchipa imatha kugwa mpaka pansi pa 100, kuchedwa kuposa hadi disiki yomwe munachotsa ija, ndipo SSD ikadzaza cache imachepanso nde vutoli limabwera msanga. BX500 zazikuluzikulu za 1TB kupita mmwamba zambiri ndi QLC, Samsung 870 QVO ndi QLC yodziwikiratu, dzina lake likunena kale. Ngati ntchito yanu ndi yoika mafilimu ndi nyimbo m'mafulashi a anthu tsiku lonse, kapena mumaedita mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe, QLC ikutopetsani.

Vuto lina la gulu lotchipali ndi loti dzina limakhala lomwelo koma zamkati zimasintha osalengeza. A400 yogulidwa chaka china ndi ya chaka china zitha kukhala ndi controller ndi machipu osiyana. Si makampani ang'onoang'ono okha, mu 2021 zinadziwika kuti Crucial P2 anaisinthira ku QLC mwakachetechete, chaka chomwecho WD Blue SN550 nayo anaisintha machipu moti cache ikatha inkalemba mochedwa kuposa yoyamba ija. Nde ndemanga ya pa YouTube ya zaka zinayi zapitazo mwina ikukamba za chinthu china osati chomwe chili mu bokosi mwagwiralo.

Kukwera pang'ono pali za SATA zokhala ndi DRAM, ziwiri zomwe aliyense amatchula ndi Crucial MX500 ndi Samsung 870 EVO. Zonse ndi TLC, waranti zaka 5, sipidi 560 powerenga, ya 500GB ya MX500 ndi 180TBW pomwe 870 EVO ya 500GB ndi 300TBW. Pa kuyaka kwa Windows kusiyana ndi A400 ndi kwa masekondi owerengeka, koma ikadzaza kapena mukaipanikiza imakhalabe yokhazikika, siima ima. MX500 ilinso ndi njira yoteteza deta yomwe inalembedwa kale isaonongeke magetsi akazima ili mkati molemba, zomwe kuno si nkhani yaing'ono kwa a desikitopu opanda UPS kapena a laputopu yoti batire inafa imangoyendera chaja. Koma Micron, eni ake a Crucial, analengeza mu December 2025 kuti akusiya kupanga katundu wa Crucial wogulitsa kwa anthu wamba kuti alimbikire zogulitsa ku ma data centre, nde MX500, BX500 ndi P3 zomwe mukuziona ndi zotsala m'masitolo, zikatha zatha, ndipo kusowa kwa chinthu chodziwika ndi mpata wa opanga feki.

Funso nlakuti 870 EVO yatsopano ndiyoyenera kuika mu Latitude ya 2012? Ine ndimati ayi, pokhapokha ngati ndi makina odyerapo. Nthawi zina mtengo wake umayandikira wa laputopu yeniyeniyo. Apa mpomwe yakaunjika imalowera ndipo ndi njira yomwe anthu amainyoza koma ine ndimaikonda. Amakonza makompyuta ku Limbe, ku Area 2 kapena ku Mzuzu amakhala ndi ma SSD ochotsedwa m'malaputopu ofa bodi kapena osweka sikirini, ndipo ambiri mwa amenewo ndi omwe Dell, HP ndi Lenovo anaikamo kufakitale, Samsung PM871 yomwe ndi m'bale wake wa 850 EVO, PM981 m'bale wake wa 970 EVO (iyi ndi ya NVMe, osati SATA), Micron 1100, za SK hynix, zina za Intel. Maina ngosakongola, bokosi palibe, waranti palibe, koma zamkati ndi zapamwamba kuposa A400 yatsopano ndipo palibe amene amavutikira kupanga feki ya PM871. Chachikulu musalipire musanaiyese. Pitani ndi pulogalamu yoyezera disiki ya CrystalDiskInfo pa fulashi, ndi yaulere, muwauze amwene ayilumikize tione, muyang'ane health, maola omwe yakhala ikuyaka ndi Total Host Writes (deta yonse yomwe inalembedwapo). Ya health ya m'ma 90% yolembedwapo materabaiti ochepa ndi yabwino, ikalemba Caution yachikasu kapena pali ma reallocated sector (malo oonongeka) isiyeni olo atsitse bwanji. Wogulitsa akamakana kuyesa nde mwadziwa kale.

Tibwere ku NVMe, kwa amene makina awo ali ndi siloti yake. Apa zinthu nzosavuta chifukwa NVMe yotchipa mtengo wake umafanana kapena kutsika kuposa SATA yabwino, nde ngati siloti ilipo palibe chifukwa chogulira ya SATA. NVMe imadutsa pa njira yotchedwa PCIe, PCIe 3.0 imafika cha m'ma 3,500MB pa sekondi, PCIe 4.0 cha m'ma 7,000. Ndipo kusowa kwa DRAM kuno sikupweteka ngati ku SATA, poti NVMe ili ndi njira yotchedwa HMB yobwereka ka RAM kochepa ka kompyuta, ma MB makumi angapo basi, kusungamo mapu aja, zomwe SATA singathe.

Kingston NV2 ya 2022 ndi yomwe yadzaza m'mashopu, PCIe 4.0 koma sipidi 3,500, waranti zaka 3, ya 500GB 160TBW ya 1TB 320TBW. Imagwira ntchito, koma ndi mfumu ya kusinthasintha zamkati, ina TLC ina QLC, controller uyu kapena uyo, mumadziwa mutagula kale. NV3 yomwe inabwera 2024 ndi yothamangirapo, ya 1TB amailembera 6,000, koma khalidwe losalonjeza zamkati ndi lomwelo. Crucial P3 ndi QLC, TBW yake ikuonetseratu, 110 pa 500GB ndi 220 pa 1TB, ngakhale waranti ndi zaka 5, yabwino kusungira magemu ndi mafilimu oti mulemba kamodzi muziwerenga kambirimbiri. Zomwe ine ndimayamba kufunsa ndi WD Blue SN570 kapena SN580, TLC, waranti zaka 5, ya 1TB 600TBW, pafupifupi kawiri ya NV2, ndipo kusiyana mtengo nthawi zambiri sikukhala kwakukulu. Samsung 980 yopanda Pro ija ili mugulu lomweli, PCIe 3.0, yopanda DRAM, TLC, yabwino ndithu koma mumalipirako dzina, komanso Samsung ndi yomwe akuba amakonda kukopera. Musadabwe mukaona katundu wa WD akutuluka ndi dzina la Sandisk, makampani awiriwa anapatukana mu 2025 ndipo ma SSD anapita ku Sandisk.

Musalipire zambiri chifukwa cha Gen4, yomwe ndi PCIe 4.0 ija, ngati laputopu yanu ndi ya Intel 10th gen kutsika mmunsi, PCIe 4.0 pa malaputopu a Intel inayamba ndi 11th gen. Ya Gen4 ilowa ndithu ndipo igwira koma pa sipidi ya Gen3, nde 7,000 munalipira ija simudzaiona. Komanso zothamanga kwambirizo zimatentha, mu kalaputopu kopyapyala mwezi wa October ku Nsanje kapena ku Salima imadzichepetsa yokha sipidi kuti isapse.

Za kukula, 120 kapena 128GB musagule, olo itchipe. Windows 11 payokha imafuna malo osachepera 64GB, muikepo Office, Chrome, ma update, WhatsApp ya pa kompyuta, mwezi usanathe mzere wafiira kale, ndipo zing'onozing'onozi ndi zomwe zimalemba mochedwa chifukwa machipu ogawana ntchito ndi ochepa. 240 kapena 256GB ndi poyambira ngati bajeti yathina, mu Windows idzaoneka 223 kapena 238GB, sanakubereni ndi kawerengedwe chabe, 500 imaoneka 465 ndipo 1TB imaoneka 931. Pabwino penipeni ndi 480 mpaka 512GB. Mukandifunsa kuti 256GB ya Samsung kapena 512GB ya Kingston pa ndalama yofanana, pa makina akale a kunyumba ndikuuzani tengani 512, chifukwa SSD yabwino yodzaza mpaka pakamwa imayenda moipa kuposa yotchipa yomwe ili ndi mpata, muzisiya gawo limodzi mwa magawo asanu lopanda kanthu.

Mitengo sindilemba dala, kuyambira pomwe kwacha inagwa ndi 44% mu November 2023 mtengo wa lero sukhala wa mwezi wamawa, ndipo kumapeto kwa 2025 machipu a memori anakwera dziko lonse chifukwa makampani a AI akugula ochuluka. Chomwe mungachite ndi kugawa mtengo ndi ma GB nkufananitsa mashopu atatu anayi. Amene muli ndi achibale ku Joni, Takealot, Wootware ndi Evetech amagulitsa zenizeni ndipo ka M.2 kamakwana mu envelopu, koma dziwani kuti waranti ya zaka 5 ija ikatanthauza kubweza katundu ku Joni ndi risiti lake, ambiri sitidzapanga zimenezo. Nthawi zina miyezi itatu yomwe wakupatsani mwini shopu wa m'tauni mwanu atalemba pa risiti ndi yothandiza kuposa zaka 5 za pa bokosi.

Nanga za pa AliExpress, ma KingSpec, Goldenfir ndi anzawo? Izi si feki kwenikweni, ndi makampani ang'ono ogula machipu aliwonse omwe apezeka motchipa, nde ina ikhala zaka ina miyezi, ndi mwayi wanu. Pa kompyuta ya ana yoonerapo makatuni kapena yoyeserapo Linux zili bho, pa makina osunga maakaunti a bizinesi ayi. Feki yeniyeni ndi ija yolembedwa Samsung kapena Kingston koma mtengo theka, kapena 2TB ndi 4TB pa mtengo wa 256GB, ena mpaka amalemba Samsung 1080 Pro chinthu choti Samsung sanapangepo. Mkati mumakhala kachipu kakang'ono kokonzedwa kuti kazinama saizi, Windows imaonetsa 2TB bwinobwino, mafayilo amaoneka ngati alowa, tsiku lotsegula nde onse oonongeka. Ya Samsung iyeseni ndi Samsung Magician imanena ngati ndi yeniyeni, ya Kingston ndi Kingston SSD Manager muone ngati ikuizindikira, ndipo iliyonse yomwe mukuikayikira idutseni mu pulogalamu ya H2testw musanaikemo chilichonse, imalemba disiki yonse nkuwerenganso nde bodza la saizi limaonekera pompo. Zimatenga maola koma chitani tsiku lomwe mwagulalo, nthawi yobweza isanathe.

Poika, ine ndimakonda Windows yatsopano kuchokera pa fulashi yopangidwa ndi pulogalamu ya Rufus kusiyana ndi kukopera zonse za pa disiki yakale, poti kukopera kumasamutsa ndi zinyalala zomwe. Koma ngati muli ndi mapulogalamu a ofesi oti layisensi yake simungaipezenso, koperani disiki yonse, pulogalamu ya Clonezilla ndi yaulere, ndipo Crucial, WD ndi Kingston amapereka Acronis yogwira ndi ma SSD awo. Mu BIOS onani kuti SATA ili pa AHCI osati IDE musanayambe kuinstola, ndipo mapulogalamu a defrag aja muwaiwale, Windows imapanga yokha TRIM, yomwe ndi njira yosamalira SSD. Kumbukiraninso kuti SSD sisintha purosesa, Windows 10 Microsoft anasiya kuithandiza pa 14 October 2025 ndipo Windows 11 mwalamulo imafuna Intel 8th gen kupita mmwamba ndi kachipu ka chitetezo ka TPM 2.0, nde pa T430 kapena E6430 mukuyenera kusankha kukhalabe pa 10, kuikakamiza 11 kudzera pa Rufus yemweyo, kapena Linux Mint. Ngati RAM ndi 4GB, tengani SSD yotsikirapo chenji mugule 4GB ina zikhale 8, kuposa kuthera zonse pa EVO.

Hadi disiki yakaleyo musataye. Ngati laputopu ili ndi DVD yomwe simugwiritsa ntchito gulani caddy, kathireyi kolowa pa malo a DVD, muiike mmenemo ikhale yosungira mafilimu, ingoyezani kaye ngati malowo ndi a 9.5mm kapena 12.7mm poti zilipo ziwiri, ndipo SSD ikhale pa malo enieni a hadi disiki chifukwa pa malaputopu ena khomo la DVD limayenda pa SATA yochedwerapo. Yopanda DVD, kabokosi ka USB 3.0 ka 2.5 inchi nkotchipa, disiki ija isanduka ekisiteno yosungirako kope la mafayilo anu, ingoidutsani kaye mu CrystalDiskInfo nayonso muone ngati ikadali ndi moyo musanaidalire.